Kugulitsa mayina a mawebusaiti: phindu lake limabwera chaka chachiwiri

Anthu opangira ena mawebusaiti amandifunsa kawirikawiri kuti: "Makasitomala anga ndimawatumiza kwina kukagula domain (dzina la webusaiti), bwanji osamawagulitsa ndekha?" N'zotheka ndithu, ndipo kuyamba kwake sikuvuta. Chimene ambiri samachidziwa ndi udindo umene amadzisenzetsa.

Tiyambe ndi mmene dzina limayendera. Mathero aliwonse a dzina, monga .com kapena .org, ali ndi wosunga kaundula mmodzi yekha, wotchedwa registry. Kaundula wa .com ndi .net ali m'manja mwa Verisign, wa .org ali ndi Public Interest Registry. Awa sachita malonda ndi munthu wamba. Olemba mayina m'kaundulamo ndi makampani otchedwa registrar, ovomerezedwa ndi ICANN, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1998 kuti liziyang'anira mayina a pa intaneti. Kukhala registrar kumafuna thumba lozama: kungopempha chilolezo ndi madola 3,500, kenako 4,000 chaka chilichonse, osawerengera makina ndi akatswiri. Reseller ndi munthu amene wasankha kudutsira kwa registrar wina, monga OpenSRS, Enom kapena ResellerClub, n'kumagulitsa mayinawo m'dzina la bizinesi yake.

Kuti mukhale reseller, nthawi zambiri mumatsegula akaunti kwa registrar, kuikamo ndalama pasadakhale, n'kuilumikiza ku pulogalamu yolipiritsira makasitomala monga WHMCS. Kasitomala akalipira, dzina limalembetsedwa nthawi yomweyo, mtengo wake n'kuchotsedwa pa ndalama munaika zija. Muziyang'ana akauntiyo pafupipafupi. Ikauma, mayina amasiya kuwonjezeredwa nthawi ngakhale eni ake analipira kalekale.

Za phindu ndinene mosabisa. Mu September 2024, Verisign inakweza mtengo umene imalipiritsa registrar kufika madola 10.26 pa .com iliyonse pachaka. Registrar amaikapo zake, ICANN imatengapo masenti ake, inu n'kutsala pamapeto pa mzere. Pamwamba pa izo, makampani akuluakulu amagulitsa chaka choyamba motchipa kuposa mmene inu mukugulira, chifukwa akudziwa kuti adzabweza kutsogolo. Kulimbana nawo pa mtengo n'kungodzivuta. Muwerengere nokha: mayina 100, mutapezapo madola 2 pa lililonse, ndi madola 200 chaka chathunthu. Reseller amene amakhalitsa ndi amene amagulitsa dzina limodzi ndi hosting (malo osungira webusaiti pa intaneti), imelo ndi kusamalira webusaiti, ndipo kasitomala amabweranso chaka ndi chaka chifukwa akaimba foni amayankhidwa ndi munthu wodziwa nkhani yake.

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo. Dzina siligulidwa kwamuyaya, limachita kubwerekedwa, kuyambira chaka chimodzi mpaka 10. Ntchito yeniyeni ya reseller ndi kusunga masiku. Malamulo a ICANN amafuna kuti mwini dzina akumbutsidwe kutatsala pafupifupi mwezi, komanso kutatsala pafupifupi sabata. Tsiku likadutsa, webusaiti imazima, maimelo amasiya kufika. Pamakhala kanthawi kowonjezera pa mtengo wamba, kamene kamasiyana malinga ndi registrar. Kenako dzina limalowa m'masiku 30 owombolera, pamene mtengo umakwera kangapo, n'kutsatira masiku 5 amene palibe angalikhudze. Likatuluka apo aliyense angalitenge, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi kudikirira mayina otere. Kasitomala wotaya dzina limene lili pa zikwangwani zake zonse sadziwa Verisign, sadziwa registrar. Amadziwa inu. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chachiwiri chimandipweteka mtima ndikachiona: reseller kulembetsa dzina la kasitomala m'dzina lake iyeyo, ndi imelo yake. Ena amatero mwaulesi, ena pofuna kumumanga kasitomala kuti asathawe. Pa malamulo, wolembedwa ngati mwini ndiye mwini, osati amene analipira. Ndinathandizapo sukulu ina imene wowapangira webusaiti anasamuka n'kusiya kuyankha mafoni, ndipo tinatha masabata tikusonkhanitsa malisiti kuti registrar atimvere. Lembani dzina la mwini weniweni ndi imelo imene amaiwerengadi, pakuti uthenga wotsimikizira imeloyo ukakhala masiku 15 osayankhidwa, dzina limaimitsidwa. Ndipo musaike imelo ya pa domain yomweyo: ikadzazima, chenjezo lidzafikira kuti?

Munthu akafuna kusamukira kwina, mumasulireni dzina lake n'kumupatsa nambala yachinsinsi yosamutsira, ija timati EPP code. Dzina longolembetsedwa kumene limayamba ladikira masiku 60, koma kupitirira apo kumukaniza popanda chifukwa chovomerezeka n'kuphwanya malamulo, ndipo registrar wanu ndiye adzayankhe mlanduwo, kenako adzakutembenukirani. Mgwirizano wa 2013 wa pakati pa ICANN ndi ma registrar umaletsanso reseller kudzionetsa ngati wovomerezedwa ndi ICANN, ndipo kasitomala akafunsa kuti registrar wake ndani, muyenera kumuuza. Mayina a mayiko, monga .uk kapena .de, ali ndi malamulo awoawo, choncho muyambe mwawerenga musanawaike pa malonda.

Posankha registrar, mtengo wolembetsera koyamba muuone pomaliza. Funsani kaye mtengo wowonjezera nthawi, mtengo wowombolera dzina, ndi ngati pali munthu woyankha usiku dzina la kasitomala likazima. Funsaninso kuti mayina a makasitomala anu adzapita kuti inuyo mukadzasiya bizinesiyi kapena mukadzadwala, ndipo yankho lake alilembe mu mgwirizano musanaike ndalama yoyamba.