Geji ya mafuta ikamanama, yambani kufufuza m'thanki

Oyendetsa galimoto ambiri akaona kamuvi ka mafuta kaima pa E thanki ili yodzaza, amathamangira kunena kuti geji ya pa dashibodi yafa. Ena amafika pogula ina, koma vuto osatha. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa gejiyo kawirikawiri imakhala ilibe mlandu: imangoonetsa zimene yauzidwa.

Chimene chimaiuza chili m'thanki. Muli kachipangizo koyandama pamwamba pa mafuta, komangiriridwa ku kamkono kachitsulo. Mafuta akamatsika, kamkonoko kamasuntha pa rezisita (kachida kochepetsa mphamvu ya magetsi odutsapo) n'kusintha mphamvu ya magetsi opita ku geji. Pakapita zaka, pamene kamkonoko kamakhudza pamaperepeseka, ndipo kamuvi kamayamba kudumphadumpha kapena kukakamira pamodzi. Koyandamako kakabooka n'kulowa mafuta, kamamira, geji n'kumanena kuti mafuta atha pomwe alipo ambiri.

Yambani ndi zosavuta. Onani fyuzi, makamaka ngati geji ya kutentha kwa injini nayonso yasokonezeka. Kenako onani mawaya a pathanki, makamaka wa ethi (wolumikiza ku chitsulo cha galimoto), chifukwa dzimbiri lokha limatha kunamiza geji.

Zikakanika, chotsani waya wa batire, tulutsani chipangizo cha m'thanki chija pamalo opita mphepo, kutali ndi moto kapena ndudu, poti nthunzi ya petulo siichedwa kuyaka. Chilumikizeni ku multimeter (choyezera magetsi), muzikweza ndi kutsitsa kamkono pang'onopang'ono. Manambala a ohms (muyeso wa rezisita) pa multimeter azisintha mosalala. Akamadumpha kapena kuzimiririka, sinthani chipangizo cha m'thankicho. Pa galimoto zambiri zamakono chimakhala pamodzi ndi pampu ya mafuta.

Geji muikayikire pokhapokha zonsezi zikapezeka zili bwino.