Nambala ya m'mbali mwa tayala si mpweya woti mupope pa kalavani

Anthu ambiri akafuna kupopa matayala a kalavani (ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto) amangowerama, n'kuwerenga nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, n'kupopa mpaka pomwepo. Ena amangofanizira ndi galimoto yokokayo. Njira zonse ziwirizi n'zolakwika.

Nambala ija ndi malire chabe. Tayala likalembedwa kuti 900 kg pa 65 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya m'tayala), ndiye kuti 65 psi imafunika pamene lasenza katundu wake yense wa 900 kg. Mpweya woyenera umatengera kulemera kwa kalavani yanuyo itapakiridwa, ndipo poyambira ndi buku la kampani yomwe inaipanga.

Ngati bukulo linasowa, kapena munaika matayala a mtundu wina, werengetsani nokha. Kalavani ya mawilo awiri yololedwa kulemera 1,400 kg, tayala lililonse limasenza pafupifupi 700 kg. Gawani 700 ndi 900, muchulukitse ndi 65. Mupeza pafupifupi 51 psi.

Mpweya ukachuluka kalavani imadumphadumpha, mbale n'kumagubuduzika m'makabati, tayala n'kumatha pakati pokha. Koma wochepa ndi umene ine ndimauopa kwambiri. M'mbali mwa tayala mumapindikapindika, limatentha mpaka kuphulika, ndipo kalavani imatha kuyamba kupepeluka kumbuyoku, woyendetsa osadziwa chayambitsa.

Yezani matayala ali ozizira, musananyamuke. Mukayenda mtunda geji imakwera chifukwa cha kutentha, musatulutse mpweyawo ayi. La sipeya nalonso liyezedwe tsiku lomwelo.