Farao amene mbava sizinam'peze si Tutankhamun

Chaka ndi chaka ndimawerenga bodza lomwelomweli m'zolemba za ophunzira anga, ndipo masiku ano lafala kwambiri pa Facebook: akuti manda a Tutankhamun ndi okhawo a farao amene anapezeka akuba asanalowemo. Ndatopa nalo. Howard Carter mwiniwake, amene anafukula mandawo mu 1922, anaona zizindikiro zoti mbava zinalowamo kawiri kalekalelo, mfumuyo itangoikidwa kumene. Zinabowola zitseko, kuvundukula mabokosi, kutenga mafuta onunkhira ndi tizibangili tosavuta kunyamula. Alonda a kumanda anangolongedzanso katunduyo mwachisawawa n'kutseka. Chuma chambiri chinatsala, inde, koma kunena kuti palibe anakhudza n'kunama.

Ngati mukufuna farao amene anagona m'chipinda chake zaka pafupifupi 3,000 popanda dzanja la wakuba kumufikira, dzina lake ndi Psusennes I. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simunalimvepo, ndipo mlandu si wanu.

Psusennes anali mfumu yachitatu ya banja lachifumu la 21. Akatswiri amasiyana pang'ono pa zaka zake: ambiri amati analamulira kuyambira cha mu 1047 mpaka cha mu 1001 Khristu asanabadwe, ena amazisendeza ndi zaka zochepa. Chimene sakangana n'chakuti anakhala pampando zaka zoposa 40. Tutankhamun, amene nkhope yake ili paliponse, analamulira zaka pafupifupi 10 zokha n'kumwalira asanakwane zaka 20.

Nthawi ya Psusennes inali yovuta. Ufumu wamphamvu wa mafumu otchedwa Ramesses unali utatha, maiko amene ankapereka msonkho ku Egypt anali atasiya, ndipo dzikolo linali litagawika pawiri. Kumpoto, kumene Nile amagawikana nthambi asanathire m'nyanja, kunkalamulira mfumu ya ku Tanis. Kummwera, ku Thebes, mphamvu zinali m'manja mwa mkulu wa ansembe a mulungu Amun, yemwe analinso mkulu wa asilikali. Mabuku ena akafika apa amangolemba kuti inali nyengo ya chisokonezo n'kudumphira kwina. Akanaima pang'ono akanaona kuti mbali ziwirizi zinali za banja limodzi. Bambo ake a Psusennes anali Pinedjem I, mkulu wa ansembe ku Thebes amene pambuyo pake anatenganso maina achifumu. Mayi ake anali Henuttawy. M'bale wake, Menkheperre, anakhala mkulu wa ansembe ku Thebes kwa zaka zambirimbiri pamene iye ankalamulira kumpoto, ndipo mlongo wawo Maatkare anali ndi udindo waukulu wa akazi m'kachisi wa Amun. Dziko logawika linakhala osaphana kwa nthawi yaitali chonchi chifukwa ogawanawo ankadyera mbale imodzi. Kwa ine, imeneyi ndiyo ntchito yaikulu ya mfumu imeneyi, ngakhale kuti ntchito yotere siisiya zithunzi za nkhondo pamakoma.

Tanis ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 130 kumpoto chakummawa kwa Cairo, pamalo amene lero amatchedwa San el-Hagar. Owerenga Baibulo mumaudziwa mzindawu: ndiwo Zoan wotchulidwa mu Masalimo 78 ndi mu Yesaya 19. Unakula chifukwa cha matope. Likulu lakale la Ramesses II, Pi-Ramesses, linali m'mbali mwa nthambi ina ya Nile imene inakwiririka pang'onopang'ono mpaka zombo zinaleka kufika. Mafumu atsopano anasamukira pa nthambi ina, ndipo sanasiye miyala m'mbuyo. Anagwetsa zipilala, ziboliboli zikuluzikulu ndi makoma a akachisi, n'kuzikoka mtunda woposa makilomita 20 kukamangira Tanis. Psusennes anamanga kachisi wa Amun kumeneko n'kumuzinga ndi mpanda waukulu wa njerwa zosaotcha, zina zodindidwa dzina lake. Miyala yosamutsidwayi inasokoneza ngakhale Pierre Montet, katswiri wa ku France amene anayamba kufukula pamalopo mu 1929. Poona dzina la Ramesses II paliponse, anakhulupirira kuti wapeza Pi-Ramesses weniweni. Kafukufuku wa akatswiri ena awiri, Labib Habachi ndi Manfred Bietak, ndi amene anadzatsimikiza kuti mzindawo unali ku Qantir. Ngati dzina lolembedwa pamwala linanamiza munthu amene anathera moyo wake pa ntchitoyi, nanga kuli bwanji munthu amene wangoona chithunzi pa foni?

Mu February 1939 Montet anapeza manda achifumu pakona ya bwalo la kachisi, m'kati mwa mpanda uja. Chimenechi ndicho chinawapulumutsa ena mwa iwo: sanali kuchigwa chakutali ngati ku Thebes, anali pamaso pa ansembe. Oyamba, a mfumu Osorkon II, anali atabedwa kale. Mwezi wotsatira analowa m'manda ena pafupi pomwepo, ndipo m'chipinda chakutsogolo anapeza bokosi la siliva la mutu wa kabawi, la mfumu ina yotchedwa Shoshenq II, imene inadzaikidwa m'menemo patapita zaka zambiri. Mfumu Farouk, imene inkalamulira Egypt m'zaka zofukulazo, inapita yokha kukaona. Koma makoma a mandawo ankatchula Psusennes, ndipo mwini wake sanaoneke mpaka February 1940, pamene anasuntha chimwala cha granite chimene chinatseka khomo lobisika.

M'katimo munali bokosi lalikulu la mwala wofiirira. M'kati mwake munali lina la mwala wakuda, losemedwa ngati munthu. M'kati mwa ilo munali lachitatu, la siliva, lokhala ndi lamba wa golide pamphumi ndi njoka yachifumu itatukula mutu, manja atapingasa pachifuwa atagwira ndodo ndi mkwapulo. Atatsegula limenelo anapeza chigoba cha golide chophimba nkhope, maso ndi nsidze zake zoikidwa galasi ndi mwala wabuluu wa lapis lazuli, umene unkachokera kutali ku Afghanistan. Chala chilichonse cha kumanja ndi cha kumapazi chinavekedwa kachisoti kake ka golide, zikhadabo zitajambulidwa bwinobwino, ndipo zala za kumanja zinali ndi mphete. Kumapazi kunali nsapato za golide.

Koma thupi lenilenilo kunalibe. Kunatsala mafupa okha ndi chinthu chakuda chonga fumbi. Ku Thebes mitembo youmikidwa imakhalitsa chifukwa cha kuuma kwa chipululu, pamene ku Tanis madzi a pansi ali pafupi ndipo chinyezi chinalowa n'kudya nsalu, matabwa, zikopa, mapepala a gumbwa, chilichonse chotha kuwola. Dokotala Douglas Derry atayeza mafupawo mu 1940 anapeza kuti anali a nkhalamba. Mano anali operepeseka ndi obowoka, chithupsa chinali chitaboola kumwamba kwa m'kamwa, ndipo nyamakazi inali itagwira msana ndi mfundo moti m'zaka zake zomaliza ayenera kuti ankayenda movutika zedi. Ndikamayang'ana nkhope yosalala ya golide ija ndimakumbukira mano amenewa.

N'chifukwa chiyani simunamvepo? Yang'anani chakacho. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itayamba, mu May 1940 Germany inalowa mu France, ndipo manyuzipepala analibe malo a farao. Montet anatumiza chumacho ku Cairo n'kubwerera kwawo. Chipinda china m'manda omwewo, cha mkulu wa asilikali Wendjebauendjed, chinadikira mpaka 1946. Komanso chinyezi chija chinamulanda Psusennes zimene zimakopa anthu kwa Tutankhamun: mipando, mabedi, magaleta, zovala.

Tsopano nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero ndi ya bokosi lofiirira lija. Silinali lake. Amisiri anafufuta maina a mwini wake n'kusemapo a Psusennes, koma anaiwala pamodzi, pa lamba wa chifaniziro cha pachivundikiro. Pamenepo pakuwerengekabe dzina la Merenptah, mwana wa Ramesses II, amene anamwalira zaka pafupifupi 200 m'mbuyomo n'kuikidwa m'Chigwa cha Mafumu ku Thebes. La mwala wakuda nalonso linalandidwa kwa munthu wina wolemekezeka wakale.

Taganizirani bwino. Chimwala chotere sichinyamulidwa usiku ndi anyamata awiri. Pamafunika gulu la antchito, zingwe, chombo, ulendo wa makilomita oposa 700 kutsika ndi mtsinje, ndiponso chilolezo cha amene akulamulira Thebes, ndiye kuti abale ake a mfumu. M'nyengo yomweyi ansembe a ku Thebes ankatsegula manda a mafumu akale, kuchotsa mitembo, kuikulunganso nsalu zatsopano, kulembapo maina ndi madeti, n'kukaibisa pamodzi. Ankati akuiteteza kwa akuba, ndipo akuba analipodi, milandu yawo inalembedwa pa gumbwa m'nthawi ya Ramesses IX. Popanda ansembewa bwenzi lero tilibe mtembo wa Ramesses II kapena wa Seti I, imene inatulutsidwa ku Deir el-Bahari mu 1881. Koma mitemboyo inapezeka ilibe golide wake pafupifupi yense. Merenptah anapezeka mu 1898 m'kachipinda ka m'manda a Amenhotep II, pamodzi ndi mafumu anzake osamutsidwa, pamene bokosi lake linali ku Tanis. Akatswiri ambiri lero amaona kuti kutetezako kunkayendera limodzi ndi kulanda, kuti boma losauka linasandutsa manda a makolo nkhokwe yake. Ine ndimagwirizana nawo, ndipo zimandiwawa kuti farao amene mbava zinamuleka anagona m'bokosi la mnzake. Ngakhale m'manda akewo, chipinda chimene anakonzera mkazi wake Mutnedjmet chinadzatengedwa ndi Amenemope, amene anamulowa ufumu, ndipo maina a mayiyo anafufutidwa.

Za siliva ndingonena mwachidule, popeza napo pali kukokomeza. N'zoona kuti Egypt inali ndi golide wambiri wochokera kuchipululu cha kummawa ndi ku Nubia pamene siliva ankachita kuitanitsa kunja, ndipo m'nthawi zakale kwambiri siliva ankawerengedwa patsogolo pa golide. Koma pofika nthawi ya ma Ramesses golide anali ataposa siliva pamtengo, pafupifupi kawiri. Bokosilo n'lodabwitsa chifukwa cha kuchuluka kwa chitsulo chosowacho ndi luso losula, komanso chifukwa Aiguputo ankakhulupirira kuti mafupa a milungu ndi siliva, mnofu wawo ndi golide.

Chimene ndikukupemphani, abale anga, n'chakuti musamale ndi akathyali amene adzaza intaneti. Wina anandionetsa kanema wonena kuti Psusennes ndiye Farao amene anamira pa Nyanja Yofiira, n'chifukwa chake mtembo wake unawola ndi madzi. Ayi ndithu. Mwala wolembedwa wa Merenptah umene wofukula zakale Flinders Petrie anapeza mu 1896 ukutchula kale Israeli ngati anthu okhala ku Kanani, zaka zoposa 150 Psusennes asanakhale pampando, ndipo munthu wopindika ndi nyamakazi uja anaikidwa mwaulemu kwawo. Ena amalalikira za temberero la afarao, loti wotsegula manda awo amafa msanga. Carter anakhala ndi moyo mpaka 1939, ndipo Montet, amene anatsegula mabokosi a mafumu angapo, anamwalira mu 1966 ali ndi zaka 80. Oopsa kwambiri ndi a red mercury, amene amati m'mitembo yakale muli madzi ofiira olemeretsa munthu, n'kumadyera anthu ndalama zawo. Chinthu chimenecho kulibe. Mu 2018 ku Alexandria kunapezeka bokosi lalikulu la mwala wakuda lili ndi madzi ofiirira, anthu ambirimbiri pa intaneti n'kumapempha kuti awalole kumwa. Anali madzi a m'zimbudzi amene anadontheramo. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu akakuuzani za farao, m'funseni kuti chinthucho chinafukulidwa kuti, ndi ndani, chaka chanji, ndipo lero chili kuti. Za Psusennes mayankho alipo, ndipo chuma chake chikusungidwa ku Egyptian Museum pa bwalo la Tahrir ku Cairo, kumene aliyense angakachione.

Mabodzawa samathera pa foni. Amatuma anthu kukakumba, ndipo wokumba ndi khasu usiku amaononga chinthu chimene sichibwezeka. Tikudziwa za Merenptah chifukwa bokosi lija linapezeka pamalo pake, wina n'kuliwerenga mofatsa. Likanaswedwa n'kugulitsidwa zidutswa, nkhani yonseyo ikanapita. Izi n'chimodzimodzi kwathu kuno: mukapeza mapale akale, mikanda, zotsalira za ng'anjo kapena mafupa polima kapena pokumba maziko, lekani pomwepo, musatsuke, musasunthe, uzani amfumu ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.

Ndipo musachedwe. Chinthu chimene chakhala m'nthaka zaka mazanamazana chimayamba kuonongeka msanga chikangoona mpweya, dzuwa ndi mvula. Kumpoto kwa Egypt vutoli n'lalikulu: madzi a pansi amakwera ndi ulimi wothirira, mchere umalowa m'miyala n'kusuwa zolembedwa, ndipo minda ndi nyumba zikudya zitunda zakale chaka chilichonse, pamene alendo ndi ndalama zambiri zimathamangira ku Luxor ndi ku Giza. Pi-Ramesses yense, likulu la Ramesses II, lero ali pansi pa minda ndi nyumba za ku Qantir, ndipo gawo lalikulu la Tanis silinafukulidwebe.