Kamfuti kakang'ono sikapepukitsa ntchito

Ndatopa kumva mfundo imene yakhala ikubwerezedwa kwa zaka zambiri ku America, kwawo kwa mfuti za revolver, zija zam'manja zokhala ndi malo a zipolopolo ozungulira. Akuti wophunzira kumene, makamaka mayi wa manja aang'ono, asankhe kamfuti kakang'ono kopepuka chifukwa ndiko kosavuta. Si zoona zimenezo.

Mfuti ikalira imakankha dzanja. Ikakhala yolemera, kukankhako kumachepa, koma ikapepuka ululu wonse umathera m'chikhatho. Timfuti ta aluminiyamu ta mpope wa mainchesi 2, tolowa zipolopolo 5, sitikwana n'komwe theka la kilogalamu. Pogwirira pake n'pafupi moti chala chakanise chimangolendewera, ndipo kulozetsa pa chandamale kumavuta. Tinapangidwa kuti tizinyamulika mosavuta, ubwino wake ndi umenewo.

Mfuti yapakatikati yachitsulo, ya mpope wa mainchesi 4 ndi zipolopolo 6, imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndipo imakhazikika m'manja. Ikakhala ya .357 Magnum, mtundu wa zipolopolo umene unatuluka mu 1935, imalandiranso zipolopolo zofewerapo za .38 Special. Ya .38 Special silandira za .357, chifukwa chikhokho cha chipolopolo cha .357 n'chotalikirapo ndi mamilimita pafupifupi 3.

Musangokhulupirira ine. Kulemera kwa mfuti iliyonse opanga amalemba m'mabuku awo, ndipo mtundu wa zipolopolo umadindidwa pampope penipeni. Chonde, musanauze mnzanu za kamfuti kopepuka, werengani kaye manambalawo, kapena funsani mphunzitsi wovomerezeka amene wagwirapo zonse ziwiri.