Momwe anthu wamba anayambira kusamala madimba ndi mitsinje ya mu mzinda wa New York

Makhonsolo a mizinda yambiri masiku ano amakonda kunena kuti paki kapena mtsinje uyenera kusamalidwa ndi anthu okhala pafupi nawo. Amakhazikitsa magulu a anthu ongodzipereka, kuwapatsa makasu ndi matumba otolera zinyalala, n'kusankha tsiku loyeretsa. Ku New York, komwe mchitidwewu unazika mizu kwambiri, anthu anayamba ntchitoyi paokha khonsolo itawafulatira, ndipo panatenga zaka pafupifupi 30 kuti akuluakulu avomereze kuti wosamala malo ayeneranso kukhala ndi mawu pa malowo.

M'zaka za m'ma 1970 mzindawu unali pa mavuto a zachuma, moti mu 1975 unatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake. Ogwira ntchito ambiri a khonsolo anachotsedwa. Eni nyumba m'madera a anthu osauka ankathawa misonkho n'kusiya nyumba zawo, zina zinkatenthedwa, ndipo pogumulidwa pankatsala mabwinja. Mabwinjawo anasanduka mitaya: njerwa zophwanyika, matiresi, magalasi, makoswe.

Mu 1973 mayi wina wojambula zithunzi, Liz Christy, ndi anzake anadzitcha Green Guerillas. Ankakulunga mbewu za maluwa pamodzi ndi feteleza n'kuziponya pamwamba pa mipanda ya mawaya kuti zikamere m'mabwinjamo. Kenako analowa pa poloti ina pamphambano ya misewu ya Bowery ndi Houston, natha miyezi akututa zinyalala, kuthira dothi labwino ndi kudzala mitengo ndi ndiwo zamasamba. Chilolezo analibe. Mu 1974 khonsolo inawalola kukhalapo pa lendi ya dola imodzi pamwezi. Dimba limenelo lilipo mpaka lero ndipo limadziwika ndi dzina la mayiyu.

Madimba otere atachuluka, khonsolo inakhazikitsa nthambi yotchedwa GreenThumb mu 1978. Inkapereka mapepala a lendi, zipangizo, dothi, mbewu ndi uphungu. Chithandizochi chinali chenicheni, koma chinali ndi mbuna yake: pa mapepala malowo anali ongobwereka, oyembekezera tsiku lomwe womanga nyumba adzawafune. Anthu ankathirira mitengo yomwe sankadziwa ngati adzakhale pamthunzi wake.

Tsikulo linafika mzinda utayambanso kulemera. Madera omwe kale anthu ankawathawa anakwera mtengo, ndipo china mwa zomwe zinawakongoletsa ndi madimba omwewo. Mu 1999 utsogoleri wa mfumu ya mzinda Rudolph Giuliani unaika madimba oposa 100 pa okushoni. Mfundo ya khonsolo inali yakuti mzinda ukusowa nyumba ndi ndalama. Olima anayankha kuti malowa anawatola pomwe panalibe wowafuna. Anachita zionetsero, ena anamangidwa, nkhani inapita kukhoti. Kutatsala tsiku limodzi kuti okushoni ichitike, mabungwe awiri, Trust for Public Land ndi New York Restoration Project la woimba Bette Midler, anagula madimbawo pa madola pafupifupi 4 miliyoni. Loya wamkulu wa boma la chigawo cha New York, Eliot Spitzer, anapitiriza mlandu mpaka mu 2002 pomwe panasainidwa mgwirizano woteteza madimba mazana angapo, ngakhale ena anaperekedwabe kuti pamangidwe nyumba. Pano GreenThumb imathandiza madimba oposa 500.

Chondipweteka pa mbiriyi n'chakuti madimba a 1999 anapulumuka chifukwa panapezeka anthu a ndalama pa nthawi yake. Thukuta la zaka 20 palokha silinawateteze.

Kumtsinje nkhani inayenda mwanjira ina. Mtsinje wa Bronx unali utasanduka ngalande ya zonyansa za m'mafakitale ndi m'zimbudzi, wodzaza matayala, mafiriji ndi magalimoto akutha. Mu 1974 anthu a m'deralo, motsogozedwa ndi Ruth Anderberg, anayamba kuvuula zinthuzi ndi manja ndi zingwe, makina olemera akuchita kupempha. Anagwira ntchitoyi zaka zambiri ndi ndalama zochepa. Zinthu zinasintha kwenikweni mu 2001 pomwe bungwe la Bronx River Alliance linakhazikitsidwa, lomwe limagwira ntchito limodzi ndi nthambi ya mapaki ya mzinda. Linalemba anthu a m'dera momwemo ntchito yolipidwa yodzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, kuzula zomera zachilendo zolanda malo ndi kuchotsa zotsekereza madzi. Ongodzipereka amabwera Loweruka, koma Lolemba pamakhala wina wopitiriza pomwe iwo analekezera. Mu 2007 nyama yotchedwa beaver, ija imadula mitengo n'kutchinga nayo madzi, inaonekanso mumtsinjemo patatha zaka pafupifupi 200 isanaoneke mu mzindawu.

Komabe mvula yamphamvu ikagwa, mapaipi akale omwe amanyamula madzi a mvula pamodzi ndi a m'zimbudzi amasefukira, zonyansa n'kulowa mumtsinje. Apa khasu ndi thumba la zinyalala sizithandiza. Anthu angathe kutunga madzi m'mabotolo, kukawayezetsa ndi kuwonetsa akuluakulu zomwe zapezeka, ndipo amachitadi zimenezo. Kukumba ndi kusintha mapaipi ndi udindo wa khonsolo, ndipo palibe gulu la ongodzipereka lomwe liyenera kusenzetsedwa mlandu umenewo.

Central Park, paki yaikulu ya pakati pa mzindawu, inapeza njira yakeyake. Mu 1980 Elizabeth Barlow Rogers ndi ena anayambitsa Central Park Conservancy, bungwe lotolera ndalama kwa anthu akufuna kwabwino, pomwe udzu wa pakiyo unali utasanduka fumbi. Mu 1996 anagawa pakiyo m'zigawo 49, chilichonse ndi wosamalira wake wodziwika, wothandizidwa ndi ongodzipereka. Nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa benchi ikathyoka aliyense amadziwa woti amuuze. Mizinda yambiri inatengera chitsanzochi. Koma Central Park yazunguliridwa ndi nyumba za anthu olemera kwambiri, omwe kupereka ndalama sikuwavuta. Kapaki kakang'ono ka m'dera lomwe makolo amagwira ntchito ziwiri patsiku kalibe oyandikana nawo otere, ndipo anthu ake alibe nthawi yokhala m'misonkhano ya komiti. Kuwauza kuti atengere chitsanzo cha anzawo popanda kuwapatsa wantchito, zipangizo ndi ndalama zokonzera ndi kuwanamiza.

Khonsolo inachedwa kuvomereza kusiyanaku. Mu 2014, pansi pa mfumu ya mzinda Bill de Blasio, nthambi ya mapaki inapeza kuti mapaki oposa 200 anali atalandira ndalama zokonzera zosakwana madola 250,000 iliyonse pa zaka 20. Inapatula madola 130 miliyoni kuti ikonzenso mapaki 35 a m'madera osauka odzaza anthu, ndipo asanajambule mapulani, ogwira ntchito anaitana anthu okhala pafupi kuti anene zomwe akufuna pamalopo.