Wa m'sitolo ya mfuti sadzaima nanu pamaso pa woweruza

Loweruka lililonse ndikamaphunzitsa anthu kagwiridwe ka mfuti pa bwalo lowombera kum'mawa kwa Johannesburg, sipalephera kupezeka mmodzi wokweza dzanja n'kuyamba ndi mawu akuti, "Koma a kusitolo anandiuza kuti..." Ndikangomva zimenezo ndimadziwiratu kuti tiweruka mochedwa. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, abale athu ochokera kumudzi amandikokera pambali ndi mawu omwewo. Ndatopa nawo. Akulu anati safunsa anadya phula, koma amene ndikuwaona ine masiku ano akudya phula atafunsa, kungoti anafunsa munthu wolakwika.

Sindikunena kuti ogulitsa onse ndi abodza. Alipo eni sitolo amene amadziwa Firearms Control Act 60 ya 2000 kuposa apolisi ena, ndipo ndimawatumizira anthu popanda nkhawa. Vuto ndi mnyamata wa pa kauntala amene wayamba ntchito mwezi watha, amalandira kenakake pa chilichonse chimene wagulitsa, ndipo malamulo anawaphunzira kwa makasitomala anzanu pocheza. Ameneyo amalankhula ngati loya. Mukamangidwa, iye adzakhala akupukuta galasi la kauntala yake.

Tiyambe ndi chimene chimakhudza ambiri a ife ochokera ku Malawi. Kuno ku South Africa simungapatsidwe laisensi ya mfuti musanakhale ndi competency certificate, chiphaso chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, ndipo chiphaso chimenechi lamulo limati chiperekedwe kwa nzika kapena munthu amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, wa zaka 21 kupita m'mwamba. Pemiti ya ntchito siyokwana. Pasipoti yodindidwa masiku 30 pa Beitbridge ndiye tisaitchule n'komwe. Komabe ndaonapo anthu atalipira theka la mtengo wa mfuti chifukwa wogulitsa anati, "Lipirani kaye tikusungireni, za mapepala tili ndi munthu wathu kupolisi." Mfutiyo imakhaladi m'sitolo, chaka n'kutha, ndiye poti mukafune ndalama zanu akuchotserani za kusungira mwezi ndi mwezi. "Munthu wathu" uja akamufunsa dzina amasanduka mphepo. Ndipo akapezekadi, ndiye kwaipiratu, chifukwa laisensi yopezeka mwachinyengo ikadziwika, womangidwa woyamba ndi amene dzina lake lili pa khadi.

Ndiye amene sangapeze laisensi amawagulitsa chiyani? Apa ndi pamene pali nkhani imene imandisowetsa tulo mpaka lero.

Panali bambo wina wa kwathu kunyanja, wamkulu kwa ine, amene ankagulitsa mu kashopu kakang'ono m'dera lina la kum'mwera kwa mzinda uno. Anaberedwa kawiri m'miyezi itatu. Tsiku lina anabwera kwanga atakulunga chinthu m'thaulo, n'kuchiika pa tebulo monyadira. Inali mfuti ija amati blank, yongophulika phokoso ndi moto popanda chipolopolo chotuluka. Kuiona ngakhale pafupi simungaisiyanitse ndi 9mm yeniyeni: chitsulo chomwecho, kulemera kofanana, ngakhale kakhoko kamathothoka m'mbali ikalira. Anati, "Achimwene, a kusitolo anena kuti iyi siifuna pepala lililonse. Akuti ndikangoionetsa, akuba athawa okha."

Ndinawauza kuti aibweze. Ndinawafotokozera kuti gawo 120 la lamulo lija limaletsa kuloza munthu popanda chifukwa chomveka ndi mfuti, kaya ili ndi zipolopolo kaya ilibe, komanso ndi chinthu chilichonse chimene munthu angachiyese mfuti, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 10. Anandimvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu. Kenako ndinaona kuti ndawalankhula za khoti munthu amene akuopa imfa. Ndinayenera kuwauza chinthu chimodzi chokha: wakuba wa kuno sabwera yekha, ndipo akaona mfuti m'dzanja lanu safunsa ngati ndi yeniyeni. Amawombera. Chimenecho ndinachinena pomaliza, mongodutsa, iwo atakulunganso kale thaulo lawo.

Patatha milungu isanu ndi umodzi anyamata atatu analowa m'shopu muja madzulo. Bambo aja anatulutsa chitsulo chawo. Anawomberedwa m'mimba ndi pa ntchafu. Ali moyo, tithokoze Mulungu, koma amayenda ndi ndodo, shopu inatsekedwa, ndipo anabwerera kumudzi pa basi atagona pa mipando iwiri. Maulendo awiri oyamba aja, opanda mfuti, anangotaya ndalama ndi fodya wa pa shelefu. Ndinapitako ku sitolo imene anagula ija. Mnyamata wake anandiyankha kuti iye sananame, chinthucho sichinkafunadi laisensi. Apa ndiye pagona vuto: uphungu woipa kwambiri wa m'sitolo umakhala ndi theka loona. Theka linalo ndi limene limakugonekani m'chipatala.

Bodza lina ndi lakale kuposa ine: "Mukamuwombera panja, mukokereni m'nyumba." Ndimalimva chaka chilichonse, nthawi zina kuchokera kwa anthu ophunzira bwino. Abale anga, ofufuza amaona pamene pagwera magazi, pamene pagwera makhoko a zipolopolo, ndi mzere umene mtembo wasiya pansi. Mukakoka munthu, mwawonjezera mlandu wosokoneza umboni, ndipo woweruza sadzakhulupiriranso liwu lanu ngakhale limodzi. Komanso lamulo silifunsa kuti munthuyo anali mkati kapena kunja kwa chitseko. Limafunsa ngati moyo wanu kapena wa munthu wina unali pa ngozi nthawi yomweyo, ngati panalibe njira ina yabwino, komanso ngati mphamvu imene munagwiritsa ntchito inali yolingana ndi ngoziyo. Wakuba amene akuthawa ndi TV yanu pamutu sakuopseza moyo wa aliyense. Khoti la Constitutional Court, lomwe ndi lalikulu kuposa onse kuno, linanena momveka mu 2002, pa mlandu wa Walters, kuti munthu saphedwa pongofuna kuti asathawe.

Ophunzira anga ndimawakumbutsa za Oscar Pistorius, wothamanga wotchuka uja, amene anawombera chibwenzi chake Reeva Steenkamp kudzera pa chitseko cha chimbudzi ku Pretoria pa 14 February 2013. Pa mlandu wake mu 2014 kunabwera mboni imene inkamugulitsa mfuti, ndipo inawerenga mayankho amene Pistorius analemba pa mayeso ake a za mfuti. Anali atayankha bwino kuti sungawombere akuba amene akungotenga katundu osakuopseza, ndiponso kuti uyenera kudziwa chimene ukuwombera. Wogulitsa ameneyo anamuphunzitsa zoona, koma Pistorius anakathera kundende pa mlandu wakupha. Nanga inu amene mwaphunzitsidwa zabodza?

Za kuwombera m'mwamba pochenjeza, zomwe ogulitsa ambiri amalangiza ngati kuti ndi nzeru yakuya, ndingoti chipolopolo chimene chakwera chimatsika, ndipo m'madera athu muno chimatsikira pa denga la malata pamene pagona mwana wa munthu. Kuwombera pakati pa nyumba za anthu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha. Za "madamu akhoza kuigwiritsa ntchito inu mukachokapo" nazonso ayi. Gawo 22 limalola munthu wina kugwira mfuti yanu pokhapokha inu mwini muli pomwepo mukuyang'anira. Mukapita ku ntchito ya usiku n'kusiyira akazi anu kiyi wa bokosi lachitsulo, mwawaika onse awiri m'mavuto, iwo ndi inu.

Bokosilo nalo amakunamizani. Wina anagulitsidwa kabokosi kosungira ndalama, kopepuka koti mwana angakanyamule, ati "n'chimodzimodzi". Malamulo amafuna bokosi logwirizana ndi muyezo wa SABS 953-1, lomangiriridwa ku khoma kapena pansi. Ikabedwa mfuti chifukwa simunaisunge moyenera, mlandu ndi wanu, ndipo muyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24. Musadikire kuti mwina ipezeka. Ndipo akamakukakamizani kugula zipolopolo zambiri chifukwa zatsika mtengo, kumbukirani kuti munthu wamba saloledwa kusunga zoposa 200 pa mfuti iliyonse imene ali nayo laisensi.

Tsopano za kuchedwa, chifukwa apa ndi pamene pagwera anthu abwinobwino, oti sanalozepo munthu mfuti chibadwire. Laisensi yodzitetezera, ya gawo 13, imakhala zaka zisanu. Pempho loiwonjezera liyenera kufika kupolisi kutatsala masiku osachepera 90 kuti ithe. Osati masiku 90 itatha, monga anauzidwira mayi wina amene ndinamuphunzitsa; kutatsala. Mukapereka nthawi yake, laisensi yanu imagwirabe ntchito mpaka apolisi atayankha, ngakhale atachedwa chotani, choncho lisiti lija lisungeni ngati mmene mumasungira pasipoti. Mukaphonya mpaka tsiku lake lothera n'kudutsa, laisensi yafa, ndipo chimene chili m'bokosi mwanu ndi mfuti yopanda chilolezo. Mu 2018 Constitutional Court inagamula kuti magawo 24 ndi 28, amene amanena zimenezi, alibe vuto. Mu 2022, pa mlandu wa kampani ya Fidelity, khoti lomwelo linati amene laisensi yake inatha akhoza kupempha yatsopano pa mfuti yomweyo. Ogulitsa ena chigamulo chachiwirichi anachimva ndi khutu limodzi, ndipo akuuza anthu kuti "masiku ano zotha ntchito zilibe kanthu". Khoti silinanene choncho. Linatsegula khomo loti mupemphe, silinati mukhale phee. Mlandu suola. Ngati yanu inatha kale, musainyamule kupita nayo kulikonse. Pitani nokha kwa loya kapena kwa DFO, wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya dera lanu, sabata ino.

Ndipo chenjerani ndi anthu amene amazungulira pafupi ndi masitolowa, ena pa Facebook ndi pa WhatsApp, olonjeza satifiketi ya maphunziro "osavutika kubwera ku bwalo". Munthu amene sanawomberepo chipolopolo n'chimodzi chomwe akuyenda ndi pepala lonena kuti anakhoza. Ndinalandirapo wotere. Nditamupatsa mfuti yopanda zipolopolo kuti andionetse mmene amaonera ngati ili yotetezeka, anatembenuza mlomo wake kuloza pamimba panga, chala chili pa chowombera, akumwetulira. Sukulu yoona imakhala yovomerezeka ndi apolisi komanso bungwe la PFTC loyang'anira ophunzitsa za mfuti, ndipo sikwiya mukapempha kuona mapepala ake.

Mwina mukufunsa kuti nanga mukakhala pa kauntala paja, wogulitsa akulankhula motsimikiza, inu muchite chiyani. Musakangane naye, simupindula kanthu. Ine ndimauza anthu kuti afunse mofatsa, "Zimenezo zili pa gawo liti la lamulo? Mungandilembere pa lisiti?" Wodziwa ntchito amatsegula buku kapena kuitana mwini sitolo. Wongolankhula amayamba kuti "aliyense amadziwa" kapena "apolisi sasamala zimenezo". Mukamva mawu amenewo bwezani chikwama m'thumba. Lamulolo lili pa intaneti ulere, ndipo DFO salipiritsa kufunsa. Za mtengo, za mtundu umene umakhalitsa, za mafuta opukutira, mumvereni wogulitsa, ndi ntchito yake. Ngakhale pamenepo, musagule mfuti imene simunaiwomberepo. Ndaona amayi ambiri atagulitsidwa kamfuti kakang'ono kopepuka poti "n'koyenera azimayi", chonsecho kochepako ndi kamene kamakankha dzanja koopsa.

Chomaliza ndi cha amene muli ndi laisensi yeniyeni ndipo mukukonzeka ulendo wa Khirisimasi. Mwezi wathawu wina anandiuza kuti a kusitolo ati akhoza kupita nayo kumudzi bola atanyamula khadi lake. Khadi limenelo mphamvu yake imathera pa mlatho wa Beitbridge. Kutuluka nayo kumafuna chilolezo chapadera cha apolisi a kuno, ndipo kutsogoloko kuli Zimbabwe, kuli Nyamapanda, kuli Tete, kuli Mwanza, dziko lililonse ndi malamulo ake ndi ndende zake. Ndinamufunsa ngati mnyamata wa kusitoloyo anayamba wawolokapo Zambezi. Anati sakudziwa, akamufunsa Lolemba.