Mapeso 150 patsiku: mkangano wa phoso la asilikali ndi makadeti ku Philippines

Ku Philippines, boma limawerengera msilikali aliyense ndalama ya chakudya patsiku, yosiyana ndi malipiro ake. Makadeti, omwe ndi anyamata ndi atsikana ophunzira utsogoleri wa usilikali pa Philippine Military Academy, ku Fort del Pilar mumzinda wa Baguio, nawonso amawerengeredwa phoso lotereli, koma iwo amadyera pamodzi m'holo ya sukulu. Choncho ndalamayo ikachepa mphamvu, zimaonekera m'mbale.

Kwa zaka zingapo phosoli linali mapeso (ndalama za ku Philippines) 90 patsiku. Mu 2015, Pulezidenti Benigno Aquino III anasainira chigamulo cha nyumba ziwiri za malamulo, Joint Resolution No. 5, chokweza ndalamayi kufika pa mapeso 150. Chigamulocho chinatchula makadeti pamodzi ndi asilikali, apolisi, ozimitsa moto, oyang'anira ndende ndi olondera m'mbali mwa nyanja. Kenaka zinangoti zii kwa zaka 10.

Gawani mapeso 150 pa kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero: mbale iliyonse ikupeza mapeso 50. Mu 2024 kilogalamu imodzi ya mpunga wamba inali pafupifupi mapeso 50 omwewo, ndipo m'Malichi chaka chimenecho mtengo wa mpunga unali utakwera ndi 24.4 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Mpunga ndiye nsima ya kumeneko, amadya m'mawa, masana ndi madzulo. Wophika sangauchepetse popanda phokoso. Amayamba wadula nyama, nsomba ndi mazira, kenaka zipatso, msuzi n'kuwonjezera madzi. Mbale imaoneka yodzaza ndithu, koma zomanga thupi mulibe. Kwa wachinyamata amene wadzuka mbandakucha kukathamanga m'zitunda zozizira za Baguio, n'kuguba, n'kukhalanso m'kalasi, thupi limafuna makalori opitirira 3,000 patsiku. Akapereweredwa amachedwa kuchira akavulala, ndipo tulo timamupeza pa desiki.

Gwero la vuto ndi mmene lamulo linalembedwera. Linaika nambala yokhazikika, osaimangirira ku mitengo ya pamsika. Mitengo imakwera mwezi ndi mwezi, koma nambalayo imadikira aphungu kapena pulezidenti. Ku United States anachita mosiyana: ndalama ya chakudya ya asilikali imasinthidwa Januwale aliyense potsatira mitengo ya zakudya imene unduna wa zaulimi umawerengera.

M'Malichi 2025, Pulezidenti Ferdinand Marcos Jr. anasainira lamulo la pulezidenti, Executive Order No. 84, lokweza phoso la asilikali kuchoka pa mapeso 150 kufika pa 350, kuwerenga kuyambira pa 1 Januwale chaka chomwecho. Pamwezi wa masiku 30, ndiko kuchoka pa mapeso 4,500 kufika pa 10,500, ndipo mbale imodzi tsopano ikupeza mapeso pafupifupi 117. Kudumpha kwakukulu chonchi sikusonyeza kuwolowa manja kwa boma. Kukusonyeza kutalika kwa nthawi imene anthuwa anadikira.

Lamulo la m'Malichili linabutsa mkangano wina. Linakhudza gulu lankhondo lokha, pamene apolisi, ozimitsa moto ndi oyang'anira ndende, omwe mu 2015 anakwezeredwa limodzi ndi asilikali, anatsala pa mapeso 150 m'chaka cha 2025 ngakhale ankagula mpunga pamsika umodzimodzi. Ndipo mapeso 350 nawonso analembedwa ngati nambala yokhazikika.